Bokosi la a Rodwell

Germiston
12 Malichi 2023

Okondedwa Amake Thandizo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumeneko ku Nsaru, inu, mwana wathu Thandizo ndi amayi anu. Ine kuno ndilipo, kupatula msana umene umandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti unyamata unatha.

Musadabwe kuti ndabwerera ku makalata ngati agogo a nthawi ya Wenela. Mawu amene ndinakutumizirani pa foni ya achimwene anu a Francis, ndamva kuti anawatsegula pa bawo, moti tsopano mpaka a kuchigayo akudziwa kuti ndimakusowani. Nkhani za m'nyumba mwanga sizidzadutsanso pa foni imeneyo. Pa kafoni kanu tiziperekana moni basi, zenizeni zizibwera ndi a Anthony oyendetsa basi aja.

Zimene munanena ndazimva. Mwati zaka zisanu ndi chimodzi zakwana, abale anu ayamba kunditchula mtchona, ndipo mvula yodzalira ikagwa ine ndisanafike, mupita kwa ankhoswe kuti banja lithe. Mawu amenewo andipweteka, sindibisa. Mtchona ndi munthu wosatumiza ngakhale sopo. Nanga malata ali panyumbapo anagwa kumwamba kodi? Komabe ndamva, ndipo ndibwera posachedwa. Chimene sindifuna ndi kubwera ndi chikwama cha zovala chokha, n'kumadzakhala pakhonde pamudzi wa eni, anthu n'kumati mkamwini uja wabwera kudzatha ufa.

Tsono mverani nzeru imene ndapeza. Bwana wa galaja yomwe ndimagwirako ntchito ali ndi chitsulo chowambira nyama. Si chiwaya, si mbaula ayi. Moto umayaka m'kabokosi kake pambali, nyama ili m'thanki yotseka, ndipo chofika panyamapo ndi utsi ndi kutentha chabe, pang'onopang'ono tsiku lonse, monga ankachitira malemu bambo anga ndi fodya wa chikopa. Anandilawitsa nthiti ya nkhumba. Amake Thandizo, fupa linangosololoka lokha! Pa Nsaru palibe amene anadyapo zotere, onse amangodziwa kanyenya wouma wokazinga m'mafuta a dzana.

Kuseri kwa galaja kuli thanki yakale ya kompulesa, yaitali ngati ine nditagona. Bwana wavomera kuti nditenge, azidula pang'ono pamalipiro, ndipo Lamulungu ndizigwiritsa makina ake owotcherera. Bokosi limeneli likatha, ndilo lidzatidyetse pa tsiku la msika, ine osabwereranso kuno.

A Anthony akupatsani marandi 800. Mugule kamwana ka nkhumba, kamfule, muzikapatsa gaga wokwanira kuti ndikamafika kadzakhale katanona. Ndiko tidzayambire. Alamu asadziwe kuti ndalamazo ndi zingati.

Ine amuna anu,
Rodwell

Germiston
30 Epulo 2023

Amake Thandizo,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti malungo a Thandizo anatha ndiponso kuti kankhumba kakudya bwino. Ine ndili bwino, ngakhale zala zili mabala okhaokha.

M'kalata yanu mwafunsa kuti, "Kodi thanki yanuyo ili ndi matayala kuti ikubweretseni?" Ndaseka, koma kuseka kwa mano okha. Ine ndikuvutika ndi chitsulo kuno, inu mukundinyogodola.

Ntchito ndinaiyamba. Ndinajambula chitseko ndi choko, ndinayeza kawiri, n'kuyamba kudula ndi galayinda. Chitsulo cha thanki imeneyi ndi chokhuthala moti madisiki anayi anatha ndisanazungulire, ndipo disiki iliyonse ndi ndalama ya ndiwo za masiku awiri. Nditafika pa ngodya yomaliza, chitseko chinangoti phwa! kudumpha chokha n'kupindika. Palibe anandiuza kuti chitsulo chopinda chimasunga mkwiyo m'kati. Nditachibwezera pamalo pake, mpata wake unali woti dzanja lonse n'kulowa. Tsono chowambira nyama chotulutsa utsi pachitseko ndi chantchito yanji?

Masabata atatu ndakhala ndikuchimenya ndi hamala. Ndikawongola kuno chikupindika uko. Yesaya, mnzanga wa ku Mpingu amene ndimagona naye chipinda chimodzi, anabwera kudzaona. Anazungulira thanki yonse manja ali kumbuyo ngati mlangizi wa zaulimi, kenaka akuti, "Achimwene, mungoboola timabowo, muike nkhunda." Ndinatsala pang'ono kumuponyera hamala. Munthu wosadziwa ngakhale kukhoma msomali!

Pano ndawotcherera tizitsulo tafulati m'mbali mwa chitseko kuti titseke mpata, ndipo mahinjesi ndaika. Chikutseka, koma chimalira ngati chitseko cha khola.

Mtedza musagulitse kwa mavenda oyamba aja, sikelo zawo mukuzidziwa. Dikirani mpaka Julaye. Denga la khola la nkhumba mulikonze dzuwa lisanayambe kuwawa.

Kuno masiku ano Loweruka sitikutuluka kwenikweni. Kuli anthu akuyenda m'magulu m'misewu, kusaka alendo ngati ife n'kumawafunsa mafunso. Si nkhani yolemba m'kalata, ndipo amayi anga ku Kabudula musawauze. Kwa eni kulibe mkuwe.

Za tsiku lobwera musade nkhawa. Mvula ili kutali.

Ndine,
Rodwell

Germiston
18 Juni 2023

Amake Thandizo,

Ndikupereka moni kwa inu ndi onse apakhomo. Kuno kwazizira koti madzi a m'ndowa akumauma pamwamba. Bulangete lachiwiri lija ndinalitumiza kwa inu, ndiye ndikugona ndi jekete.

Ndiyambe ndi zimene zandikwiyitsa. Alamu a Francis akuuza anthu kuti ndili ndi mkazi kuno, kuti thanki ndi nkhani yongopeka. Mkaziyo ndimamusunga pati? M'chipinda muno tikagona awiri ndi Yesaya, wina akafuna kutembenuka amayamba wapempha. Ndipo mwati alamuwo alima mbali ya dimba lathu ponena kuti mwini wake kulibe. Ndikudziwa kuti malowo ndi a kwanu, ine ndine wobwera. Koma chitsime cha m'dimbamo anakumba ndani? Auzeni kuti mkamwini nayenso ali ndi makutu, ngakhale ali ku Joni.

Kabokosi ka moto ndakapanga ndi silinda yakale ya gasi. Ndinaidzaza madzi masiku angapo kuti mpweya wonse utuluke, komabe podula ndinkapemphera m'Chichewa ndi m'Chizulu chomwe, kuti mwina chimodzi chimveka msanga. Sinaphulike. Ndinaiwotcherera kumapeto kwa thanki, miyendo ndinaika, chumuni chaching'ono pamwamba.

Lamulungu lapitali ndinati ndiyese. Ndinagula nkhuku yathunthu, ndalama yanga, n'kusonkha moto ndi matabwa a mapaleti amene amatayidwa kuseri kwa galaja. Amake Thandizo, utsi unatuluka paliponse kupatula pa chumuni. Pachitseko, pamahinjesi, pamene ndinawotcherera, ngakhale pamalo poti sindinadziwe kuti pali bowo. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anatuluka akukuwa kuti zovala zake zanunkha, mpaka anaimbira bwana foni. Ine maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, ndikupepesa m'chilankhulo cha eni.

Nkhuku ija inatuluka yakuda bii, yowawa ngati mankhwala a malungo. Ndinaponyera galu wolondera galaja. Anainunkhiza, anandiyang'ana, n'kukagona. Yesaya yekha ndiye anadya ntchafu, akuti ndalama siitayidwa, ndipo usiku wonse anali paulendo wa kuchimbudzi.

Ndazindikira zolakwa ziwiri. Matabwa aja ali ndi mankhwala, pafunika nkhuni za mtengo wa zipatso. Chumuni nachonso chachepa, sichikukoka utsi, pafunika paipi yaikulu. Zonsezi ndi ndalama, ndiye mwezi uno ndatumiza zochepa. Fizi ya mayeso a Thandizo ilimo, zina mupirire.

Mtengo wa gwafa wa kuseri kwa bafa uja wina asaudule. Nthambi zouma muziunjika pabwino, zidzagwira ntchito.

Mwafunsanso tsiku. Ndingatchule bwanji tsiku chinthu chikutulutsa utsi m'nthiti? Ndati posachedwa.

Amuna anu,
Rodwell

Germiston
6 Ogasiti 2023

Okondedwa Amake Thandizo,

Moni. Ndili moyo, ndili bwino, ndipo ndikulemba ndi dzanja langa, kuti muwauze onse amene ayamba kale kundiika m'manda.

Zoona ndinadwala, koma si mmene mwamvera. Ndinapeza paipi yaikulu ya chumuni, yoyera ija ya madzi imene sichita dzimbiri. Chifukwa cha kuzizira ndinaiwotcherera m'galaja zitseko zili zotseka. Utsi wake unali woyera, wonunkha mwachilendo, ine osalabadira. Pofika madzulo thupi lonse linali kunjenjemera, chifuwa chothina, m'kamwa mukumveka chitsulo. Ndinagona kuchipatala masiku awiri, anandiika mpweya, basi. Yesaya pakamwa pake sipatseka. Anauza mkazi wake ku Mpingu, mkazi wake anauza wa pa minibasi, ndipo pofika pa Nsaru nkhani inali yoti mapapo anga anapsa, ndikungodikira tsiku. Chifuwa chilipobe pang'ono, makamaka m'mawa, koma si choti amayi azilirira. Pitani ku Kabudula mukawakhazike mtima pansi.

Tsopano nkhani yabwino. Bokosi latheka! Ndinamata mipata yonse, chumuni chatsopano chikukoka bwino, utsi ukutuluka wopyapyala wabuluu. Ndinapempha nthambi za pichesi kwa munthu wina wosamalira maluwa, ndinagula nthiti za nkhumba, mchere, tsabola ndi shuga pang'ono. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndinali pambali pake, kuponyamo kachikuni kamodzikamodzi. Nditatsegula, Amake Thandizo, ndinakhala pansi. Nyama yofiirira, yofewa, mafuta akuchita kuwala. Ndinalakalaka mukanakhalapo kuti mulawe inu poyamba. Yesaya wa nkhunda uja anadya mpaka kunyambita pepala.

Bwana naye analawa. Anangozungulira bokosi, kugogoda apa ndi apo. Mawa lake anandiitana, akuti anzake awiri akufuna otere, ndipo ndikawapangira andipatsa ndalama yabwino. Taganizani, ndalama imeneyo ikwanira kubweretsa bokosi lathu, kumanga kashedi pamsika, ndi kugula nkhumba yachiwiri. Ndingaisiye? Ndavomera. Tsopano njira ndaidziwa, sizitenga nthawi ngati poyamba.

Ndikudziwa chimene munene. M'kalata yanu mwalemba kuti, "Posachedwa wanuyo ndi mwezi uti pa kalendala? Ndaufuna sindikuupeza." Inu mumadziwa kubaya ndi mawu. Koma kuthamanga sikufika, ndipo zonsezi ndikuchitira inu ndi mwana. Mvula isanagwe ndidzakhala nditafika, za ankhoswezo muziiwale.

Mwati kankhumba kaja tsopano ndi chinkhumba, sichikukwananso pakhomo la khola. Zikomo, mwagwira ntchito. Ndamva kuti chigodola chavuta mbali ya ku Namitete, choncho munthu wachilendo asayandikire kholalo.

Ine wanu,
Rodwell

Germiston
24 Seputembala 2023

Amake Thandizo,

Moni nonse. Ndilemba mwachidule chifukwa a Anthony anyamuka posachedwa.

Mukaimba foni yanga siilowa. Inapita. Anthu aja ndinkanena anafika kumene timakhala, Lachiwiri lapitalo. Chitseko anathyola, zimene anatenga anatenga. Ine sanandipweteke kwenikweni, phewa lokha. Yesaya anathawira kwina, mpaka lero sindikudziwa kumene ali. Zina ndidzakuuzani pamaso. Pakali pano ndikugona m'galaja, kuseri kwa magalimoto, bwana akudziwa koma akuchita ngati sakudziwa. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Chifukwa cha zimenezi ndaganiza zotumiza bokosi lathu msanga, lisanaonedwe ndi maso olakwika. Pa basi alikana, akuti ndi lolemera ndipo lithyola katundu wa anthu. Ndapeza munthu wina wa galimoto yokoka ngolo, amene amanyamula katundu wamtundu uliwonse kupita kumudzi. Sindikumudziwa bwino, koma anzathu akuti amafikitsa. Wandidya ndalama yonse ya bokosi loyamba la anzake a bwana. Ndamupatsa nambala ya alamu a Francis, poti kafoni kanu kamakhala kozima masiku ambiri.

Ndalipaka penti yakuda yosapsa ndi moto, ndalikulunga m'bulangete kuti lisakalike, chumuni ndachigoneka pambali n'kumanga ndi zingwe. Ndi lolemera kwambiri, mupeze amuna asanu ndi mmodzi otsitsa. Muliike m'chipinda chosungira chimanga, lisanyowe, ndipo ana asaseweretse chitseko. Alamu asayerekeze kuliyatsa.

Basi imathamanga kuposa ngolo, ndiye kalatayi ifika bokosi lisanafike.

Ine nditsala pang'ono kuti ndimalize lachiwiri la anzake a bwana, ndipeze ya ulendo. Ndikatero ndinyamuka.

Rodwell

Germiston
15 Okutobala 2023

Amake Thandizo,

Moni ndikupereka, ngakhale sindikudziwa ngati munthu woikidwa m'manda amaloledwa kupereka moni. Ndili bwino. Ndikudya, ndikuyenda, ndikutsokomola pang'ono, koma ndili moyo!

A Anthony afika dzulo ndipo andifotokozera zonse, akuseka mpaka kugwira khoma. Ine sindinaseke. Akuti basi yawo inafera ku Tete masiku asanu, kalata yanga ili m'thumba mwawo, ngolo n'kuwapitirira. Akuti woyendetsa ngolo uja atadutsa pa Dedza anaimbira alamu n'kunena kuti, "Ndine dalaivala wochokera ku Joni. Ndanyamula bokosi la a Rodwell. Tifika mawa masana, mupeze amuna sikisi onyamula." Alamu akuti anafunsa kuti, "Zachitika liti?" Iye n'kuyankha kuti, "Ine anangondikwezera Lolemba, zambiri sindidziwa." Foni n'kuduka.

Tsono Amake Thandizo, munthu mmodzi yekha pamudzi ponsepo sakanafunsa kuti bokosi lanji? Miyezi yonseyi ndakhala ndikulemba za bokosi, bokosi, bokosi. Inu makalata anga mumawerenga kapena mumayatsira moto? Safunsa anadya phula. Ndikudziwa, munamva kuti mapapo anapsa, foni yanga sinkalowa, za chipwirikiti cha kuno zinamveka pa wailesi, ndiponso anzathu ambiri amabwerera kumudzi pa ngolo zomwezo. Zonsezo ndazilingalira usiku wonse. Komabe!

Akuti uthenga unapita ku Kabudula madzulo omwewo, amayi anakomoka, anachita kuwathira madzi. Akuti adzukulu analawirira kukakumba kumanda a kwathu, poti maliro a ku Joni sagonekedwa, akhala kale masiku panjira. Amayi a chigwirizano anagona pakhomo pathu akuimba. Abusa anakonza ulaliki. Alamu a Francis, omwe aja onditchula mtchona, akuti anaima pamaso pa anthu n'kunena kuti ndinali mlamu wolimbikira ntchito, wosaiwala kwawo. Mawu amenewo bwanji osandiuza ndili moyo?

Ndiye akuti galimoto itafika, chinthu chakuda chachitali chili m'bulangete, mudzi wonse unagwa pansi ndi kulira. Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula mwaulemu, akudabwa kuti ndanenepa bwanji chonchi. Polowa nalo m'nyumba, mwendo wachitsulo unakola pachitseko, bulangete n'kuvundukuka, chumuni n'kugwera pa phazi la mkulu wa mpingo. Kenaka gogo wina anafunsa kuti, "Kodi ku Joniko maliro amawaikira popumira?" Alamu anatsegula chitseko chija, chinalira monga mwa nthawi zonse, m'kati n'kupezamo mawaya owambira nyama ndi paketi ya tsabola.

A Anthony pofika apa misozi inali mbwembwembwe ndi kuseka. Ine ndinafunsa funso limodzi: anthu onsewo anadya chiyani? Anasiya kuseka. Nkhumba yanga! Nkhumba imene mwailera miyezi isanu ndi iwiri, imene inapulumuka chigodola, yoti tiyambire bizinesi, munaphera adzukulu ndi olira maliro anga. Anaiphika m'madzi ndi mchere ngati nyemba, chowambira chake chili panjira. Ndikaganiza zimenezi mutu ukuchita kuwawa.

Ndamvanso kuti poti dzenje lokumbidwa silisiyidwa lopanda kanthu, ku Kabudula anaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira. Chabwino, mwambo ndi mwambo. Koma ndiye kuti pakali pano kwathu kuli mtumbira wanga, anthu akumaloza podutsa. Ndipo alamu atumiza mawu kuti ndibweze ndalama ya ufa, nkhuni ndi shuga wa pamaliro. Ndilipire maliro anga omwe, amene sindinaitanidweko? Auzeni akatenge kwa nthochiyo.

Bokosi akuti mwaliika pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu akulambalala, ana akuliopa. Ndinati m'chipinda. Likachita dzimbiri, thukuta langa lonse lapita pachabe.

Chimene chandisowetsa tulo kwambiri ndi china. A Anthony abwera chimanjamanja. Akuti anakufunsani ngati pali kalata, inu munangopukusa mutu n'kulowa m'nyumba. Miyezi yonseyi simunaphonyepo, ngakhale kalata yonditukwana inkabwera. Ndikalipireni, ndinyozeni, koma lembani. A Anthony andibwereka foni ndayesa kafoni kanu, kakuitana koma simukuyankha.

Bokosi lachiwiri la anzake a bwana latsala chitseko ndi chumuni.

Ine amuna anu, wamoyo,
Rodwell

Germiston
5 Novembala 2023

Okondedwa Febe,

Ndakutchulani dzina lanu lenileni, limene ndinasiya kulitchula Thandizo atabadwa. Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Kalata yanu ndalandira Lachinayi. Ndi yaifupi kuposa onse amene munalembapo, koma ndaiwerenga mpaka pepala lafewa. Ndinkayembekeza kuti mupepesa za nkhumba. Ndinali nditakonza kale mayankho.

Mwalemba kuti: "Makalata anu ndimawerenga, ndipo za bokosi ndinkazidziwa. Koma achimwene atabwera kudzandiuza, sindinaganize za nyama. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukufunsani tsiku, inu n'kumati posachedwa. Munthu woyamba kundiuza kuti a Rodwell afika mawa masana anali dalaivala uja, ndipo ndinakhulupirira chifukwa ndinali nditadziwa kale mumtima kuti inu mudzabwera motero basi."

Ndipo pansi pake mwati: "Ndinalira mpaka mawu anatha, funsani aliyense. Koma ndikuuzani chimene sindinauze munthu. Usiku umenewo, amayi a chigwirizano akuimba, ndinagona tulo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, chifukwa kudikira kunali kutatha. Bulangete litavundukuka anthu anaseka, ena anathokoza Mulungu. Inenso ndinathokoza. Kenaka ndinazindikira kuti ndiyambirenso kudikira, ndipo mphamvu zake ndilibe."

Febe, mawu amenewa andilasa kuposa chilichonse chimene ndachiona kuno, ndipo ndaona zambiri. Ndinawerenga nditakhala pa tayala kuseri kwa galaja, ndipo ndinakhalabe pomwepo mpaka bwana anachita kundiitana kawiri. Ndinakwiya, ndisaname. Ndinati mkazi wanga anagona tulo pa maliro anga! Koma mkwiyowo sunapeze pogwira. Ine ndinkaona ngati ndikumanga chinthu chotibweza pamodzi, ndipo Mulungu akudziwa kuti sindinaname ngakhale kamodzi za thankiyo. Koma inu simunapemphe nyama yofewa.

Mwati mizere mwamaliza kuunga nokha, mitambo yayamba kusonkhana mbali ya ku Mchinji, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri anaonana kale pamaliro paja, moti kuwaitana sikudzavuta. Ndamva.

Lachisanu ndinauza bwana kuti ndikupita. Anati ndimalize kaye bokosi lachiwiri, sabata ziwiri zokha, apo ayi ndalama ya mwezi uno sindiiona. Ndinayang'ana thanki ija, chitseko nditachijambula kale ndi choko, ndipo ndikuuzani zoona, dzanja linkafuna galayinda. Sabata ziwiri si kanthu. Pakamwa panga panatsala pang'ono kutuluka mawu aja mumadana nawo. Ndinavula magolovesi n'kuwaika pa thankipo. Anatukwana m'chilankhulo chake, ine ndinamuthokoza m'chathu.

Ndagulitsa jekete ndi nsapato za ntchito, a Anthony andithandiza pa zotsalazo. Tikiti ili m'thumba la malaya, ndikuigwiragwira ngati ingathawe. Pachipata cha malire pakhoza kukhala mawu chifukwa masiku a m'pasipoti yanga anatha kalekale, ndipo akadinda chimene amadinda, kuno sindidzaloledwanso kwa zaka. Adinde.

Sindikubwera ndi kanthu. Nkhumba palibe, ya shedi palibe, shuga wa alamu palibe. Ndikubwera ndi chikwama cha zovala chija ndinkachiopa, ndipo a pa bawo akaseka, aseke. Sindikudziwa ngati mudzanditsegulira, poti m'kalata yanu simunanene, ndipo sindikukakamizani kuyankha. Kalatayi ndapatsira mnzawo wa a Anthony amene anyamuka mawa, ndamuchonderera kuti basi ikafa panjira, akwere ina.

Ndikwera Lachisanu pa 10 Novembala. Pa Nsaru ndifika Lamulungu pa 12, masana. Ndikadzakuonani, mawa lake ndidzapita ku Kabudula kuti amayi akandigwire ndi manja awo.

Alamu auzeni asavutike kufuna amuna onyamula. Kuchokera pa siteji ndidzayenda ndekha, ndipo mvula ikanditsogolera, ndidzagogodabe.

Ine,
Rodwell